Mkamwini Amene Anasanduka Mapiko a Choso

Kalekale, m'tsinde mwa phiri lina lamiyala, munali mudzi wa anthu olima mapira. Ankadzala mapira, ankadya mapira, ankafulula mapira. Inu pitirizani kusenda mtedzawo. Manja agwire ntchito, koma makutu mundibwereke.

Anthu amenewa anali ndi mdani mmodzi, mpheta. Mapira akangoyamba kukhwima, mpheta zinkatsika kuphiri ngati utsi n'kudzatera m'minda. Akazi ankakuwa, amuna ankagenda, okalamba ankatukwana. Mpheta zinkangouluka apa n'kukatera apo. Chaka chabwino anthu ankakolola theka la munda. Chaka choipa ankakolola mapesi.

M'mudzimo munabwera mwamuna wina dzina lake Kadzuwa, kudzakwatira mkazi wotchedwa Nachisale. Anasiya kwawo, nadzakhala pachikamwini. Inu amene simunakhalepo pachikamwini simungadziwe. Ine ndinakhalapo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndikukuuzani kuti mkamwini amamuyang'ana mmene akuyendera, mmene akukhalira, ngakhale mmene akutsokomolera.

Tsono Kadzuwa anali munthu wabwino mtima, koma manja ake anali ovuta. Akagwira khasu, anzake ankamusiya pakati pa mzere. Akaluka mkeka, nyerere zinkadutsa pamipata zili ziwiriziwiri. Anamanga nkhokwe kuseri kwa nyumba, ndipo nkhokweyo inapendekera kum'mawa tsiku lomwelo. Anthu odutsa ankapendeketsa mitu poiyang'ana.

Amene anali ndi mawu pa banja limeneli anali atsibweni ake a Nachisale, a Gwirize. Sanali munthu wankhanza ayi. Vuto lawo linali pakamwa. Mvula ikagwa ankati, "Ndinanena ine." Mvula ikakana ankatinso, "Ndinanena ine." Ataona nkhokwe ija anapukusa mutu.

"Ndinanena ine kuti mkamwini ameneyu tangowonjezera pakamwa podya."

Koma Kadzuwa anali ndi chinthu chimodzi chimene anachokera nacho kwawo. Ankadziwa kupanga ulimbo.

Kuli kamtengo kena kamene sikamera pansi. Kamamera pa nthambi ya mtengo wina, pamsuku, pamthethe, pamkuyu, n'kumamwa madzi a mwini wake. Kamachita maluwa ofiira, aataliatali, otsekeka kunsonga. Maluwawo akatha pamabwera tizipatso. Kadzuwa ankatchola tizipatsoto, n'kutafuna, n'kulavula makoko, n'kutsuka zotsalazo m'madzi mpaka zitayamba kutamuka. Akatero ankakulunga ulimbowo pa timitengo tating'ono n'kukatchera pakati pa ngala za mapira.

Chaka choyamba mpheta zinatsika monga mwa masiku onse. Zinatera, zinamatika, zinalira. Zotsalazo zinachita mantha n'kukadya udzu kudambo. Munda wa banja la Nachisale unadzaza nkhokwe yopendekeka ija, ndipo mphetazo zinasanduka ndiwo.

"Ndinanena ine," anatero a Gwirize akupukuta pakamwa, "kuti mkamwini ameneyu ali ndi mutu."

Chaka chachiwiri, mapira ali m'mawondo, kamtengo ka ulimbo kanayamba kuchita maluwa. Kadzuwa ankapita m'mawa uliwonse kukakaona, chifukwa ulemu wake wonse unali pamenepo. Tsiku lina anapezapo kambalame.

Kanali kakang'ono, kosadzaza ngakhale dzanja la mwana. Thupi lonse linali lakuda bii. Koma pamutu ndi pakhosi panali nthenga zobiriwira zimene zinkanyezimira dzuwa likawomba, ndipo kakatembenuka zinkazimiranso. Mlomo unali wautali, woonda, wokhotera pansi. Sikankakhazikika. Apa kaima, apa kazendewera chadodolido, apa kayandama m'malere mapiko akunjenjemera. Ameneyo ndiye Choso. Masiku amenewo pachifuwa pake panalibe kufiira kumene mumaonaku. Dikirani, tifikako.

Kadzuwa anaona Choso akulowetsa mlomo m'mbali mwa duwa lotsekeka. Duwa lija linaphulika, phu! Linang'ambika, nsonga zake n'kupindikira kumbuyo, ufa wachikasu n'kumwazikira pamphumi pa mbalameyo. Choso anamwa timadzi totsekemera, nadumphira pa duwa lina. Phu! Nadumphiranso pa lina. Phu!

Kadzuwa anagwira kumutu. Anathamangira kumudzi, nakapeza a Gwirize akusema mpini.

"Atsibweni, tawonongeka. Kuli kambalame kakung'amba maluwa a ulimbo."

"Kakung'amba?"

"Kakung'amba limodzilimodzi. Maluwa akatha, zipatso zichokera kuti?"

"Ndinanena ine kuti timbalame timeneti n'takuba. Nanga ukudikira chiyani? Ulimbo wa chaka chatha ulibe?"

Nachisale anali pamtondo akusinja, ndipo anamva zonse. Anaimika munsi.

"Inu bambo, timbalameto ine ndinabadwa n'kutipeza. Zipatsozonso ndinazipeza. Zinthu ziwirizi zakhala limodzi chikhalire."

"Iwe za ulimbo ukuzidziwira kuti?" anatero Kadzuwa.

Mawu amenewo anali oipa, ndipo iye mwini anadziwa kuti ndi oipa. Koma atsibweni anali pomwepo, ndipo mkamwini amafuna kuoneka wamphamvu pamaso pa eni mudzi. Nachisale anangonyamulanso munsi wake.

Kadzuwa anatsegula kansupa kamene ankasungiramo ulimbo wotsala. Sanasiyeko ngakhale pang'ono. Anatchera pamsuku, anatchera pamthethe, anatchera pamkuyu. Dzuwa lisanafike pamutu, Choso uja anali atamatika chifuwa ndi phiko limodzi. Anzake ataona zimenezo anabalalika, nauluka kupita kuseri kwa phiri.

Masiku amenewo mbalame zinkalankhula ndi munthu. Choso anati, "Munthu iwe, ukulakwitsa. Ndimvere kaye."

"Wakuba aliyense amatero," anayankha Kadzuwa.

Anamukoka pakamtengo paja mwankhanza. Nthenga zonse za pachifuwa zinatsalira pa ulimbo, ndi zina za phiko. Anabwera naye kunyumba, namuponya pansi pafupi ndi mtondo.

"Ndiwo izo."

Nachisale anatola kambalame kaja. Mtima wa kambalameko unali kugundabe. Anakayang'ana, nati, "Kameneka n'kamene kakhutitse anthu atatu?" Anati atatu chifukwa anali ndi pakati. Mwamuna wake atachoka, anatenga mafuta a nsatsi n'kusungunula ulimbo wotsalira pa nthenga. Anaika Choso m'kadengu, navundikira ndi lichero, nabisa kuseri kwa mtsuko. M'mawa ndi madzulo ankafinya nzimbe, n'kumamumwetsa ndi kaudzu.

Kadzuwa anagona mtima uli m'malo. Maluwa ake tsopano anali osang'ambika, ofiira, okongola. Anadikira kuti atseguke. Sabata inatha, osatseguka. Yachiwiri inatha, osatseguka. Yachitatu maluwa anayamba kuda, kufota, n'kumagwa pansi ali chitsekekere. Pa nthambi panalibe ngakhale kachipatso kamodzi.

A Gwirize anabwera kudzaona. Anatola duwa limodzi lofota, nalinunkhiza, nalitaya.

"Mkamwini, ulimbo wakale uli kuti?"

"Ndinamalizira pa timbalame tija."

"Watsopano uli kuti?"

Kadzuwa anayang'ana pansi.

"Tamvera. Mbumba yanga chaka chino yadzala mapira ambiri chifukwa chodalira iwe. Nsanja zoingitsira mbalame sitinamange zokwanira chifukwa chodalira iwe. Mpheta zikadya munda umenewu, upinde mkeka wako ubwerere kwanu. Ndanena."

Inu mukudziwa mmene zimakhalira. Mwamuna akabwerera kwawo, mkazi amatsala, mwananso amatsala. Kadzuwa anaganizira za mwana amene anali asanamuone nkhope. Ankamukonda Nachisale. Ankamukonda ndithu, ngakhale anamuyankha mwano pamtondo paja.

Mwayi wake unali umodzi. Mitengo ya m'mwamba mwa phiri imachedwa kuchita maluwa chifukwa cha kuzizira, ndipo kumeneko maluwa anali akungoyamba kumene. Kadzuwa anakwera phiri. Anati, "Ngati satseguka okha, ndiwatsegula ine."

Anathyola munga wa mthethe, nabaya duwa. Phu! Linatseguka. Anasangalala, nabaya maluwa tsiku lonse mpaka zala zinatupa. Patapita masiku anabwerako. Maluwa onse obayidwa anali atagwa, ndipo chipatso panalibe.

Anati, "Mwina pakufunika njuchi." Anasenza mng'oma wa njuchi kuchokera kudambo mpaka kuphiri, naupachika pansi pa mtengo. Njuchi zinazungulira maluwa otsekeka aja, zinasowa polowera, ndipo mkwiyo wawo zinathera pa Kadzuwa. Anafika kunyumba diso limodzi litatsekeka ngati maluwa akewo.

Anati, "Mwina pakufunika mphepo." Anakwera mumtengo, nagwedeza nthambi ndi mphamvu zake zonse. Maluwa anayoyoka, nthambi inathyoka, iyenso anatsatira.

Madzulo a tsiku limenelo anakhala pakhonde, osadya. Kumunda mapira anali atatulutsa ngala. Nachisale anabwera ndi madzi ofunda, namuthowa mwendo. Atamaliza anati:

"Mwafunsa munga, mwafunsa njuchi, mwafunsa mphepo. Mwini ntchito simunamufunse."

"Mwini ntchito tinamudya."

"Munamudya liti? Munaona fupa lake m'mbale?"

Analowa m'nyumba, natuluka ndi kadengu kaja, nachotsa lichero. Choso anali mmenemo, chifuwa chili mbee, phiko limodzi likulendewera, koma maso ali gwa.

Kadzuwa anachita manyazi amene sanawachitepo chibadwire. Tsono kwa anthu amenewa, munthu ukalakwira mnzako sumapepesa chimanjamanja. Umagwira nkhuku. Kadzuwa anatsimphina mpaka kukhola, nagwira thadzi lalikulu, nabwera nalo. Anagwada patsogolo pa kadengu, nawomba m'manja katatu, nalipereka ndi manja awiri.

"Pepani, a Choso. Ndinalakwa. Landirani nkhukuyi."

Choso anayang'ana thadzi lija. Thadzi nalonso linayang'ana Choso, ndipo linkaoneka ngati likuganiza zomujompha.

"Nkhuku ndichite nayo chiyani ine?" anatero Choso. "Ichotse isanandimeze."

Nachisale anaseka mpaka misozi. Kadzuwa anataya nkhuku, natsala chigwadire.

"Nanga ndikupatseni chiyani?"

"Makutu. Tsiku lija ndinakupempha makutu, unandimana."

"Lero ndi anu onse awiri."

Choso anati, "Duwa lija silitseguka lokha. Limadikira mlomo wanga. Likaphulika limandipaka ufa pamphumi, ndipo limandilipira ndi timadzi. Ufa umenewo si wanga. Ndi katundu amene ndatumidwa. Ndimausenza kuchoka pa mtengo uwu kukautula pa duwa la mtengo uwo, ndipo pamene ndatulapo ndi pamene pamabwera chipatso. Iwe unatsegula maluwa ndi munga, koma ufa unagwera pansi. Unautula kwa yani?"

Kadzuwa anakhala kukamwa yasa.

"Ndiye kuti zipatso zimene ndinatafuna chaka chatha..."

"Ndinabereketsa ndine ndi abale anga. Ulimbo umene unandigwira nawo unachokera pamphumi panga."

Apa Kadzuwa analira. Mwamuna wandevu zake, analira pamaso pa mkazi wake ndi pamaso pa kambalame. Ine sindimunyoza. Munthu amene amalira akazindikira kulakwa kwake ndimamukhulupirira kuposa amene amangoti zachitika zachitika.

Atapukuta misozi anafunsa, "Kuphiri maluwa akadalipo pang'ono. Mungandithandize?"

"Ndiuluka ndi chiyani? Phiko unathyola ndiwe."

Kenaka Nachisale anati, "Mlomo ali nawo, mapiko alibe. Inu mlomo mulibe, koma miyendo muli nayo."

M'mawa mwake anthu a m'mudzimo anaona zachilendo. Mkamwini wa kwa Nachisale anali kudutsa pakati pa mudzi akutsimphina, diso lotupa, kambalame kopanda nthenga pachifuwa katakhala pamutu pake, katagwira tsitsi ndi tizikhadabo. Akazi anasiya mitsuko. Amuna anasiya makasu. A Gwirize anatuluka m'nyumba akumanga nsalu m'chiuno.

"Ndinanena ine kuti wapenga!"

Kadzuwa sanacheuke. Anakwera phiri, nafika pamsuku woyamba, nakwera mumtengo. Anasendeza mutu wake pafupi ndi maluwa, ndipo Choso anayamba kuimba:

Tsegula, tsegula, kaduwa kofiira,
Wamlomo wokhota uja wabwera.
Ndimwe pang'ono, ndisenze ufa,
Ndikatule kwa mnzako patsidya.

Phu! Duwa linatseguka. Phu! Lina. Phu! Linanso. Ufa wachikasu unadzaza pamphumi pa Choso, wina n'kugwera m'tsitsi la Kadzuwa.

"Tsika," anatero Choso. "Tipite pamthethe apo."

Kadzuwa anatsika, nakwera mthethe, minga ikumulasa.

"Tsika. Tipite pamkuyu."

Anatsika, nakwera mkuyu.

"Tsika. Tibwerere pamsuku."

"Tachokerako posachedwa pomwepa!"

"Ufa wa pamkuyu ukufunika pamsuku. Ine ndimayenda chonchi tsiku lililonse, ndipo sindinadandaulepo kwa munthu."

Dzuwa likamapendeka, Kadzuwa anali atakwera mitengo isanu ndi umodzi yokha. Mbalame ya mapiko ake ikanamaliza mitengo imeneyo munthu asanathe kumwa chikho cha madzi. Anayang'ana maluwa otsala phiri lonselo, nadziwa kuti miyendo yake siingakwanitse. Komabe m'mawa mwake anabwereranso. Tsiku lachitatu anabwereranso.

Tsiku lachitatulo, Choso ali pakati pa nyimbo, panamveka mawu ena pa nthambi ya pamwamba. Panali kambalame kena ka mlomo wokhota womwewo, koma kopanda zonyezimira. Kanali kotuwa, ka mtundu wa udzu wouma, timawangamawanga pamimba. Ameneyo anali mkazi wa Choso. Anali atamva nyimbo ya mwamuna wake ali kuseri kwa phiri, iye amene ankaganiza kuti ndi wamasiye.

"Bambo, ndinu? Nanga pachifuwa patani? Nanga mwakhala pamutu pa yani?"

"Pa mapiko anga atsopano."

"Si munthu wa ulimbo uja ameneyu?"

"Ndi yemweyo."

Mkazi wa Choso anatsika nthambi imodzi, nayang'anitsitsa Kadzuwa. Anali wamng'ono ngati chala, koma Kadzuwa anamuopa kuposa a Gwirize.

"Iwe, pamitengo ya kumunsi timitengo tako ta ulimbo tikadalipo. Ukufuna abale athu abwere kudzamatika?"

"Ndikachotsa lero lomwe, mayi."

"Uchotse, utenthe. Ndipo kuyambira lero ulimbo wako uzithera m'munda wa mapira. Pamene pali duwa lofiira usadzayerekeze."

"Ndamva, mayi."

"Sindinathe. Mawu a munthu ine sindiwakhulupirira. Ndidzamanga chisa pakhomo pako penipeni kuti ndizikuona. Ukauze mkazi wako asamasese ulusi wa kangaude, ndi umene ndimasokera."

Kadzuwa anatsika phiri akuthamanga, mwendo wopweteka uja ataiwala. Anachotsa timitengo pamsuku, pamthethe, pamkuyu, natentha tonse pamtetete, utsi n'kukwera kuti mbalame ziuone. M'mawa mwake phiri lonse linali phu, phu, phu. Achoso anabwerera, akuda ndi otuwa, ndipo ntchito imene inamuthyola Kadzuwa mawondo anaimaliza dzuwa lisanatenthe.

Mkazi wa Choso anasunga mawu ake. Anazungulira nyumba ya Kadzuwa, nasankha denga la nkhokwe yopendekeka ija, mbali imene inaweramira pansi, chifukwa mvula sinkafikako. Anatola udzu wofewa, timasamba touma ndi ulusi wa kangaude, naluka kachisa kolendewera ngati kathumba, khomo lili m'mbali, pamwamba pa khomo pali kakhonde. Mwamuna wake ankangoimba ali pa nthambi. Kumeneko n'kumene achoso amafanana ndi anthu ena amene ndikuwaona pano, koma sinditchula maina.

Maluwa anagwa, ndipo nthawi ino pa nthambi panatsala timitu tobiriwira. Tinakula, tinayamba kupsa. Koma mapira nawonso anali kukhwima, ndipo mpheta sizidikira munthu. Zinatsika zipatso zisanapse bwino.

Tsiku loyamba zinadya m'mphepete mwa munda. Tsiku lachiwiri zinalowa m'kati. Nachisale, mimba ili kutsogolo, anaima pansanja imodzi yokha imene inalipo, akukuwa mpaka mawu anasasa. Tsiku lachitatu Kadzuwa anatsika kuphiri ndi dengu lodzaza tizipatso tofiira. Anakhala pansi n'kuyamba kutafuna. Anatafuna mpaka nsagwada zinauma, koma dengu linali lisanafike pakati.

"Pakamwa pamodzi sipakwanira," anatero Nachisale. Anatsika pansanja, natapa tizipatso, nayamba kutafuna. Azichemwali ake anabwera, natafuna. Akamwini ena a m'mudzimo, amene kale ankaseka Kadzuwa, anabwera, natafuna. A Gwirize anafika kuti adzanene mawu awo aja, koma Nachisale anawapatsa tizipatso todzaza dzanja.

"Atsibweni, pakamwa panu ndi pamene pali mphamvu m'mudzi muno. Tithandizeni."

A Gwirize anaponya zonse m'kamwa nthawi imodzi. Ulimbo unagwira mano a m'mwamba ndi a m'munsi. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka sanathe kutulutsa liwu ngakhale limodzi. Okalamba a m'mudzimo ankati tsiku labata ngati limenelo sanalionepo.

Madzulo timitengo tinali titatcheredwa m'munda monse. M'mawa mpheta zinatsika, zinatera, zinamatika, ndipo zotsala zinathawira kudambo. Pokolola anapeza kuti pa magawo atatu a munda, mpheta zinadya limodzi. Awiri anapulumuka. Njala sikanalowa m'nyumba, koma munda unali utadyedwa ndithu, ndipo mawu a atsibweni anali aja: mpheta zikadya munda, upinde mkeka.

Kadzuwa sanadikire kuti amukumbutse. Anapinda mkeka wake wamipata uja, naumanga ndi luzi, nauika pakhonde. Anakhala pambali pake, manja ali m'mawondo. A Gwirize anabwera, anthu akuwatsatira kuti adzamve.

"Mkamwini, mpheta zadya kapena sizinadye?"

"Zadya, atsibweni."

"Analakwa ndani?"

"Ndine. Ndinaona mbalame ikugwira ntchito, ndinaiyesa wakuba. Mkazi wanga anandiuza, sindinamumvere."

Nachisale anatuluka m'nyumba, nagwada movutikira chifukwa cha mimba, nawomba m'manja.

"Atsibweni, ndifunseko kamodzi. Tsiku lija ndikusinja, amene anati timbalame timeneti n'takuba anali ndani? Ine makutu anga anali ndi gaga, mwina sindinamve bwino."

Anthu onse anayang'ana a Gwirize. Aliyense ankadziwa mawu amene iwo amakonda, ndipo aliyense ankadikira kuti aone ngati awanena lero. A Gwirize anatsegula pakamwa, natsekanso. Anakanda m'mutu. Anadzuka, nayamba kuzungulira pabwalo ngati akufuna chinthu chimene chatayika, mpaka anakaima pa nkhokwe ija.

"Nkhokwe iyi," anatero mokweza, "ndi yochititsa manyazi. Yopendekeka. Mapira onsewa alowa mmenemu?"

"Ndiigwetsa ndisanapite, atsibweni," anatero Kadzuwa.

A Gwirize anasuzumira pansi pa denga. Kachisa kanali kulendewera pamenepo, mlomo wokhota utatulukira pakhomo pake, maso awiri aang'ono akuwayang'ana osaphethira.

"Ugwetse? Suona kuti muli mazira umu? Mkamwini wopanda nzeru iwe! Uichirikize ndi mtengo, ikhale choncho mpaka ana auluke. Ina udzamanga chaka chamawa, ndipo ndidzaima pomwepa kuti ndione ngati yawongoka."

Kadzuwa anadzutsa mutu.

"Chaka chamawa, atsibweni?"

"Wagontha? Ndati chaka chamawa. Ndipo chotsa mkeka wakowo pakhonde, ukutchinga njira."

Nachisale anatenga mkeka uja yekha, namasula luzi, nakauyala m'nyumba pamalo pake. Mwezi usanathe, mwana wamkazi anabadwira m'nyumba imeneyo, ndipo bambo wake analipo kuti amve kulira kwake koyamba.

Tsiku limene anatulutsa mwana panja, Choso anatera padenga la nkhokwe, akuuluka ndi mapiko ake. Nthenga za pachifuwa zinali zitamera. Koma sizinamere zakuda. Zinamera zofiira psuu, mtundu wa maluwa aja. Kadzuwa anaziona, nagwetsa nkhope.

"A Choso, ndi chipsera cha dzanja langa chimenecho."

"Ndi chomwecho," anatero Choso. "Koma chandikhala. Ndipo ana ako akadzaona kufiira kumeneku azidzadziwa pamene sayenera kutchera."

N'chifukwa chake mpaka lero choso wamwamuna ali ndi chifuwa chofiira, wamkazi amamanga chisa pafupi ndi nyumba za anthu, ndipo wotchera ulimbo wodziwa ntchito yake safika nawo pa mtengo wa maluwa.

Phunziro lake nali, inu osenda mtedza. Mukapeza wina ali pa chinthu chanu, musathamangire kumutcha wakuba. Yambani mwaona chimene amasiya akachoka. Pali ena amene amaoneka ngati akukudyerani, pamene ndi amene akukudyetsani. Ndipo mukalakwa, musalekere pa kupepesa. Musenzeni amene munamuthyola phiko mpaka aulukenso.

Nthano yanga yatera pamenepa. Amene wasenda mtedza wochepa, ndiye akataye makoko.